Tifunseni: Kodi ku Mabungwe a Madzi Kuli Mwayi Wanji wa Achinyamata?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Chinsapo mumzinda wa Lilongwe. Mwana wanga wachisamba anakhoza mayeso a Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo, koma sanasankhidwe kupita ku yunivesite. Panopa amangokhala pakhomo, ndipo akaona galimoto ya anthu a madzi ikudutsa itanyamula mapaipi, amandiuza kuti mtima wake uli pa ntchito imeneyo. Kodi mabungwe opereka madziwa amawathandiza bwanji achinyamata ngati iyeyu? Kapena ntchito yawo ndi kutitumizira mabilu basi?
Mayi wa ku Chinsapo

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndikuuzeni chilungamo poyamba kuti mipando ya ntchito yokhazikika m'mabungwe amenewa ndi yochepa poyerekeza ndi achinyamata amene akuifuna. Dziko lino lili ndi mabungwe asanu opereka madzi a m'mipopi, omwe amayendera lamulo la 1995: la Lilongwe, la Blantyre, ndi atatu a m'zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera. Mwana wanu akamangodikira tsiku limene adzaone dzina la ntchito m'nyuzipepala, akhoza kudikira mpaka kalekale. Koma ntchito ya madzi ndi yaikulu kuposa maofesi a bungwe, ndipo khomo lake lenileni ndi luso la manja.

Taganizirani za ulendo wa madzi amene mumatunga. Amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kutsika ndi mtsinje wa Lilongwe, kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu, kuyeretsedwa, kukwezedwa m'mathanki, kenaka kuyenda m'mapaipi mpaka kufika ku Chinsapo. Paliponse pa ulendowu pamafunika munthu: wokonza injini zopopera madzi, wamagetsi, wowotcherera zitsulo, woyeza madzi mu labotale, wowerenga mamita, ndiponso pulambala. Ku Blantyre nkhani ndi yokulirapo, chifukwa madzi ambiri amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry n'kukwezedwa mtunda wautali kufika mumzinda, choncho makina akangoima, mipopi ya ku Ndirande ndi ku Bangwe imauma. Komanso m'mizinda ikuluikuluyi madzi oposa gawo limodzi mwa magawo atatu amene ayeretsedwa sabweretsa ndalama ku bungwe, chifukwa amatayika m'mapaipi ophulika, amabedwa ndi olumikiza mwachinyengo, kapena sawerengedwa bwino ndi mamita akale. Munthu amene amadziwa kupeza pamene paipi ikudontha n'kupakonza bwinobwino ndi wofunika lero, ndipo adzafunikabe mawa.

N'chifukwa chake ndikulangizani kuti mwanayo ayambe ndi sukulu ya ntchito zamanja. Bungwe la TEVETA, lomwe limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndipo linakhazikitsidwa mu 1999, limalengeza mwayi wa maphunziro kwa achinyamata amene ali ndi satifiketi ya MSCE, ndipo upulambala ndi umodzi mwa maluso amene amaphunzitsidwa. Kuwonjezera pa makoleji akale monga a Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima ndi Mzuzu, kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera kuti ana a kumudzi ndi a m'makomboni asamayende mtunda wautali. Maphunzirowa amathandizidwa ndi ndalama zimene olemba anthu ntchito amapereka, zokwana 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Chimene chimasiyanitsa maphunziro amenewa ndi a m'kalasi wamba n'chakuti wophunzira amatumizidwa kukagwira ntchito pamalo enieni kwa miyezi ingapo, zimene ophunzira amazitcha atachimenti, ndipo apa ndi pamene mabungwe a madzi amathandiza kwambiri, chifukwa amalandira ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite kuti akaphunzire pafupi ndi amisiri odziwa.

Ndinaonapo mnyamata wa atachimenti ali m'ngalande, matope mpaka m'mawondo, mmisiri wamkulu atanjuta pamwamba pake akumuuza kuti asathamangire kupaka guluu paipi isanaume, ndiponso kuti tepi yoyera ija aikulunge motsata mazinga a paipi, osati mobwerera. Atatsegula madzi, onse awiri anakhala chete akuyang'anitsitsa pa mfundoyo kwa kanthawi, ndipo pamene sipanatuluke ngakhale dontho, mkuluyo anangogwedeza mutu n'kumuuza kuti akwirire. Zinthu zotere sizilembedwa pa bolodi, ndipo mnyamata amene wazidziwa sadalira bwana mmodzi. Akapanda kulembedwa ku bungwe la madzi, amapeza ntchito kwa makontalakitala, m'masukulu, m'zipatala, kapena kwa anthu amene akumanga nyumba ku Area 49 ndi ku Area 25, amene tsiku lililonse akufunafuna pulambala wokhulupirika.

Pali makomo enanso awiri amene ali pafupi ndi inu. Loyamba ndi makiyosiki, malo aja amene mumagula madzi pa ndowa. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre ambiri mwa malo amenewa amayendetsedwa ndi mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, amene amadziwika kuti ma WUA, ndipo mabungwewa amalemba anthu a m'dera lomwelo kukhala ogulitsa madzi, oyendera makiyosiki, mapulambala ndi a mu ofesi. Malipiro ake si ambiri, sindikubisirani, koma wachinyamata amaphunzirapo kuwerenga mita m'mawa ndi madzulo, kulemba m'kaundula, kusunga ndalama za anthu ndi kuyankhula bwino ndi makasitomala amene atopa pa mzere. Lachiwiri ndi ntchito zikuluzikulu zoika mapaipi atsopano, monga imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza kuthandiza mumzinda wa Lilongwe mu 2017. Pa ntchito zotere makontalakitala amalemba anthu a maganyu okumba ngalande ndi kunyamula zipangizo, ndipo mnyamata wamaso amene amafunsa mafunso m'malo mongodikira malipiro a Lachisanu amatulukapo atadziwa zambiri.

Muuzeni mwana wanu kuti apite yekha ku ofesi ya TEVETA kapena ku koleji ya ntchito zamanja imene ili pafupi akafunse nthawi yolembetsa. Ndipo ngati muli ndi mwana wamkazi amene ali ndi mtima womwewu, musamuletse. Spanala sisankha dzanja.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 ku Zomba. Ana anga amaphunzira za madzi m'buku, koma sadziwa kumene madzi a pampopi wa pasukulu amachokera. Kodi n'zotheka kuti bungwe la madzi litithandize?
Mphunzitsi wa ku Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, n'zotheka ndithu, ndipo muli ndi mwayi chifukwa damu la Mulunguzi lili pa phiri pomwepo, pamwamba pa mzinda wanu. Lembani kalata kudzera kwa aphunzitsi aakulu yopita ku ofesi ya bungwe la madzi, mutchule chiwerengero cha ana ndi tsiku limene mukufuna, ndipo muitumize masabata angapo tsikulo lisanafike. Nthawi yabwino ndi kufupi ndi pa 22 Malichi, tsiku loganizira za madzi pa dziko lonse, kapena m'nyengo yobzala mitengo, yomwe imayamba mu Disembala mpaka mu Epulo, pamene mabungwe a madzi amagwira ntchito ndi masukulu ndi mafumu pobzala mitengo m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mbali mwa madamu.

Mwana amene waona ndi maso ake madzi akuthiridwa mankhwala ochititsa matope kugwirana n'kukhazikika pansi, kenaka kusefedwa mumchenga, n'kumaliza ndi klorini wopha tizilombo, sadzaonanso mpopi ngati chinthu chongotulutsa madzi chokha. Amamvetsa chifukwa chake madzi amalipiridwa ngakhale mvula imagwa yaulere, ndipo akaona paipi yaphulika m'njira amadziwa kuti ayenera kukanena. Amamvetsanso kuti kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje ndi kuotcha makala kumadzaza damu ndi matope. Vuto limeneli linafika poipa ku Dzalanyama moti mu 2015 asilikali a dziko lino anatumizidwa kukateteza nkhalangoyo. Koma asilikali sangalondere mtengo uliwonse, ndipo mwana amene waphunzira bwino amakafotokozera makolo ake madzulo akudya nsima.

Musaiwale kuphunzitsa za kasungidwe ka madzi pakhomo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akhoza kutuluka pampopi ali abwino n'kukaipitsidwa m'nyumba chifukwa cha ndowa yosavundikira kapena kapu imene aliyense akuviika ndi manja osasamba. Mukapita ndi anawo, pemphani woyeza madzi kuti awaonetse mmene amayezera klorini, chifukwa mwa ana amenewo muli ena amene sanadziwepo kuti ntchito yotere iliko, ndipo maphunziro ake alipo ku Mzuzu University, ku MUBAS ndi m'masukulu ena a ukachenjede.

FUNSO: Munthu wina wanditumizira uthenga pa WhatsApp kuti akhoza kundipezera ntchito yowerenga mamita ndikamutumizira ndalama pa foni. Ndimutumizire?
Mnyamata wa ku Mzuzu

YANKHO: Achimwene, musatumize ngakhale tambala imodzi. Mabungwe a madzi ndi a boma, ndipo ntchito zake zimalengezedwa poyera m'nyuzipepala ndi pa masamba awo ovomerezeka, pamodzi ndi zoyenereza, tsiku lotsekera kulandira makalata ndi keyala yotumizira. Palibe malipiro a fomu, a intavyu kapena ogulira malo. Sungani uthengawo ndi nambala imene wachokera, pitani nawo ku ofesi ya bungwe la madzi mukafunse ngati ntchitoyo ilipodi, ndipo mukapeza kuti ndi bodza, kanenani kupolisi. Ngati amene akupempha ndalamayo ndi wogwira ntchito m'boma kapena m'bungwe la boma, nkhaniyo ndi ya katangale, ndipo bungwe lolimbana ndi katangale la ACB lili ndi ofesi mumzinda wa Mzuzu momwemo.