Kuchotsa kebini ya pikapu yakale muli nokha pakhomo

Achimwene, mwafunsa ngati munthu mmodzi angathe kuchotsa kebini ya pikapu ya Datsun 620 pa chasisi, chimango chachitsulo chapansi pa galimoto, m'galaja ya pakhomo panu ku Chibavi, popeza mukufuna kuwotcherera pansi pamene padyeka ndi dzimbiri, ndipo mwanena kuti muli ndi majeke awiri komanso mukuganiza zomangirira chain block, chida chokwezera katundu ndi tcheni, ku mitengo ya denga. Ambiri akuyankhani kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo akunena zoona ngati cholinga chanu chili chokweza kebiniyo ndi mphamvu za msana. Langa yankho ndi lakuti ntchitoyi imatheka ndi munthu mmodzi, bola kebiniyo isakhale m'malere popanda choichirikiza pansi, komanso bola chosunthacho chikhale chasisi, kebini n'kutsala pamalo amodzi pomwe mwaikhazika.

Ndiyambe ndi denga chifukwa ndi pamene pandidetsa nkhawa kwambiri. Madenga a nyumba zathu zambiri kuno ku Mzuzu amangidwa ndi matabwa a paini ochokera ku Chikangawa, olumikizidwa ndi misomali, ndipo anawakonzera kunyamula malata omwe kulemera kwake kumagawikana denga lonse. Chain block imasonkhanitsa kulemera konse pamalo amodzi ndi kukokera pansi, kumene ndi kumene misomali imazukira. Paini amakhalanso ndi mfundo zomwe zimathyoka mosachenjeza, ndipo ngati chiswe kapena anankafumbwe analowamo, thabwa limaoneka lamphamvu kunja pomwe mkati muli ufa. Chonde maganizo amenewo asiyeni. Ngati mukufunitsitsa kugwiritsa ntchito chain block, ya tani imodzi ndi yokwanira, koma ipachikidwe pa chimango choima pachokha, cha zitsulo zochindikala chomwe owotcherera a ku Luwinga angakukonzereni, chokhala ndi miyendo yotambalala komanso zomangira zopingasa kuti chisagwedere cham'mbali.

Datsun 620 inapangidwa kuyambira 1972 mpaka 1979, ndipo kebini yake inamangidwa pa chasisi ndi mabawuti odutsa m'malabala, choncho imachoka bwinobwino. Ndikunena izi chifukwa cha ena omwe akuwerenga ali ndi Nissan 1400, yomwe thupi lake ndi chinthu chimodzi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo njira ino siigwira pa galimoto yotero. Kebini ya pikapu yaing'ono ikakhala ndi zonse imalemera makilogalamu mazana angapo, ndipo gawo lalikulu la kulemerako mungalichotse musanakhudze jeke. Chotsani mpando, boneti, madigadi akutsogolo pamodzi ndi chitsulo chogwira rediyeta, kenako bodi yakumbuyo, yomwe imapepuka ndipo imatsetsereka pa matabwa awiri otsamira. Galasi lakutsogolo lichotseni ndi kulisunga m'nyumba mutalikulunga m'bulangete, chifukwa kebini ikapindika pang'ono pokwezedwa galasilo limang'aluka, ndipo kupeza lina la galimoto ya zaka zoposa 40 ndi ntchito yotopetsa kuposa kukonza pansi pomwe mukufuna kukonzapo.

Nkhani ya zitseko imafuna kuganiza mofatsa. Kuzichotsa kumapeputsa katundu, koma inu mwanena kuti pansi padyeka, ndipo kebini yomwe pansi pake ndi m'munsi mwa zitseko mwawola imadalira chasisi kuti isapotoke. Mukangoinyamula, mpata wa chitseko umatha kutseguka kapena kufinyika, ndipo mukawotcherera pansi patsopano ili yopotoka chonchi, zitseko sizidzatsekanso bwino mpaka kalekale. Musanamasule bawuti yogwira kebini ngakhale imodzi, yezani mpata wa chitseko chilichonse kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri, ndi kulemba miyezoyo m'kope. Kenako wotchererani tizitsulo ta angle iron modutsa mpatawo, china chopingasa ndi china chopendeka, ndiponso chimodzi chochokera mbali ya dalaivala kupita mbali inayo. Mukatero zitseko zichotseni, mutajambula kaye ndi pensulo pomwe mahinjesi anakhala.

Kumasula zolumikiza kebini ndi chasisi ndi ntchito yosafuna changu. Yambani ndi batire, waya wa negetivi choyamba, ndipo batirelo lichoke m'galimoto. Zotsatira ndi mapaipi a mabuleki ndi a kilatchi pa ma master cylinder, timapampu tokankha mafuta mukaponda pedulo, chingwe cha moto, cha choki, cha sipidomita ndi cha handibuleki, mapaipi a madzi opita ku hita, ndodo ya giya, ndi mawaya onse odutsa khoma lapakati pa injini ndi kebini. Mafuta a mabuleki amasupula penti, ndiye akhetsereni m'botolo ndi kutseka mapaipiwo kuti musalowe fumbi. Waya aliyense mumumate kapepala kolemba komwe amapita ndipo jambulani zithunzi ndi foni, chifukwa pakadutsa miyezi iwiri mutu sudzakumbuka. Chiwongolero chiyang'aneni bwino: pa magalimoto ena akale ndodo yake ili ndi polumikizira pomwe mungamasule, pomwe pa ena ndodoyo ndi bokosi la chiwongolero ndi chinthu chimodzi, moti bokosilo liyenera kumasulidwa pa chasisi. Chomwe anthu ambiri amaiwala ndi waya wa ethi wolumikiza kebini ndi injini kapena chasisi, womwe umabisala pansi utakutidwa ndi matope.

Mabawuti ogwira kebini athireni mafuta omasula dzimbiri monga WD-40 kwa masiku angapo motsatizana musanawayese ndi sipanala. Chinyezi cha kuno, komwe mvula imachedwa kusiya ndipo mawawa amapitirira mpaka m'nyengo yozizira, chimachititsa kuti mabawuti apansi agwirane ndi manati awo ngati anawotcherera. Ngati ina yakana ndipo mukufuna kuidula ndi girayinda, thanki ya petulo ikhale itachotsedwa kale ndi kuikidwa panja kutali, popeza thanki yopanda kanthu imakhala ndi mpweya wa petulo womwe umaphulika msanga kuposa petulo weniweniyo. Malabala ndi mawashala a pa bawuti iliyonse asungeni m'kathumba kakekake kolembedwa malo ake, chifukwa ena anaikidwa dala kuti kebini ikhale mowongoka.

Tsopano kukweza kwenikweniko, komwe majeke anu awiri akukwanira. Galimoto iime pa simenti yosalala, ndipo matayala onse atsekedwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo, pakuti pofika pano mabuleki ndi handibuleki sizikugwiranso ntchito. Ikani jeke pansi pa kebini pafupi ndi pomwe pamadutsa bawuti, pomwe pali chitsulo cholimbitsa, ndipo pakati pa jeke ndi kebini pakhale thabwa lochindikala logawa kulemera, apo ayi mutu wa jeke udzaboola lata lomwe lawola kale. Kwezani mbali imodzi masentimita awiri kapena atatu okha, imani, ndipo zungulirani galimoto ndi tochi kuona ngati pali waya kapena paipi yomwe yayamba kukokeka. Mukamva kuti jeke yalimba modzidzimutsa kapena chasisi chikukwera limodzi ndi kebini, pali chomwe simunamasule, ndipo kupopa mwamphamvu kumangong'amba zinthu. Zonse zikakhala bwino, lowetsani chipika pakati pa chasisi ndi kebini pogwiritsa ntchito ndodo, dzanja lisalowe mumpatamo, tsitsirani kebini pa chipikacho, ndipo pitani mbali inayo kukachita chimodzimodzi. Pitirizani mosinthanasinthana, masentimita osapitirira asanu ulendo uliwonse, mpaka mpata utakwanira kulowetsa mitanda iwiri yopingasa, wina kutsogolo pansi pa khoma la injini ndi wina kumbuyo kwa kebini.

Mitandayi ndi yomwe idzasenze katundu yense, choncho isakhale ya paini. Funani matabwa a bulugamu ouma bwino, ochekedwa mbali zinayi, osachepera mainchesi anayi mbali iliyonse, opanda mfundo zazikulu kapena ming'alu, kapena zitsulo za square tube zochindikala. Mtengo wobulungira ndi woopsa chifukwa umagubuduzika. Datsun 620 ndi yotambalala pafupifupi mamita 1.6, ndiye mitanda ya mamita awiri ndi theka imasiya malo okwanira kuti zochirikiza ziime kunja kwa matayala, chasisi n'kudutsa pakati osazigunda. Kuyambira apa jeke izikweza nsonga za mitanda, ndipo pansi pa nsonga iliyonse muziunjika zipika zogonekedwa ziwiriziwiri mopingasana, mulu uzikwera limodzi ndi katundu. Jeke ya mafuta imatha kutsika yokha labala lamkati likatha, choncho katundu asatsale pa jeke ngakhale mukungopita kukamwa madzi. Njerwa zootcha ndi mabuloko a simenti musaziyerekeze n'komwe, chifukwa zimaphwanyika kamodzin'kamodzi popanda kulira ngati momwe thabwa limachitira. Ambiri amamalizira pokhazika mitanda pa migolo inayi ya malita 200, yomwe kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 88, ndipo njirayi ndi yabwino ngati migoloyo ndi yosapindika, ili ndi zivundikiro zake, ndipo pamwamba pake mwaikapo thabwa lodutsa m'mphepete mpaka m'mphepete kuti kulemera kugwere pa mkombero. Popeza mudzawotcherera pafupi, mgolo womwe munakhala petulo, dizilo kapena thinala usayandikire m'galajamo.

Kumbukiraninso kuti kebini imalemera kwambiri kutsogolo, komwe kuli khoma la injini, dashibodi, mapedulo ndi hita, ndipo ikafuna kugwa imagwa chamutu. Mtanda wakutsogolo ukhale patsogolo ndithu, ndipo kebini imangiriridwe ku mitanda yonse iwiri ndi malamba omangira katundu odutsa m'mipata ya zitseko.

Funso lofunika kuliyankha musanayambe ndi lakuti chasisi chidzatulukira mbali iti. Mukachikankhira kumbuyo, injini yonse iyenera kudutsa pansi pa kebini, ndipo mudzafunika kukweza kwambiri moti denga la galaja likhoza kukuletsani. Mukachikankhira kutsogolo, bodi yakumbuyo itachoka kale, chodutsa pansi ndi matayala akumbuyo ndi chasisi chomwe chimakwererako pang'ono pamwamba pa ekiselo, ndipo migolo ija imapereka mpata wokwanira. Ngati mpata wachepa pang'ono, phwetsani matayala akumbuyo m'malo mokwezanso kebini. Yezani ndi tepi kutalika kwa denga la galaja, kuphatikizapo kwa khomo, ndipo onani kuti galimoto yaima moyang'ana komwe kuli malo otulukira. Malo ambiri kuno ndi otsetsereka, monga akudziwira a ku Masasa, ndipo chasisi chokhala ndi injini chikayamba kuyenda chokha palibe munthu angachigwire ndi manja. Chimangeni chingwe cholimba kumbuyo, chokulungidwa ku chinthu chosasuntha, muzichimasula pang'onopang'ono uku mukusuntha zipika za matayala kagawo kakang'ono ulendo uliwonse.

Wina watchula kireni ya injini, ija yamagudumu, ndipo imagwiradi ntchito ngati mungabwereke. Mkono wake umalowa pa mpata wa chitseko utanyamula thabwa lochindikala lomwe limagwira kebini m'mwamba mwa mipata yonse iwiri, pomwe pali chitsulo cholimba, osati pa lata la denga lomwe limatuphuka. Dziwani kuti mphamvu yolembedwa pa kireni ndi ya mkono waufupi: ya matani awiri imatsika kufika theka la tani mkono ukatambasulidwa mpaka kumapeto, ndipo ya tani imodzi imatsala ndi makilogalamu 250 okha. Magudumu ake ang'onoang'ono amakodwa ndi kamwala kapena mng'alu wa simenti, ndipo katundu wolendewera akagwedezeka kireni imapendama. Pa chifukwa chimenechi ine ndimakonda majeke ndi mitanda kwa munthu amene ali yekha, ngakhale kuti njirayi imadya tsiku lathunthu.

Pa mawu anu akuti muli nokha, ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Manja ogwira ntchito akhoza kukhala anu okha, koma tsiku lokweza pakhale munthu wamkulu pakhomo amene akukuonani kapena kukumvani, kaya ndi mayi a kunyumba kapena oyandikana nawo, ndipo akhale atasonyezedwa momwe jeke imapopedwera. Munthu wopanikizidwa pachifuwa satha kukuwa, ndipo foni yomwe ili m'thumba imakhala yosafikirika. Ana asaloledwe kulowa m'galajamo kuyambira tsiku limenelo mpaka kebini itatsika. Gwirani ntchitoyi masana, kuti magetsi akazima musatsale mumdima katundu ali pakati pa ulendo.

Chasisi chikatuluka, kebini musaisiye pamwamba pa migolo kwa miyezi. Itsitseni ndi njira yomweyo ya jeke ndi zipika mpaka ifike pa chimango chachifupi cha matabwa, chotalika mokwanira kuti mpweya uzidutsa pansi, popeza simenti ya kuno imatuluka thukuta m'nyengo yozizira ndipo dzimbiri limayambiranso pa lata lomwe mwapala. Pofuna kuwotcherera kunsi, ndi bwino kuigoneka chagada pa matayala akale ndi matiresi, zomwe zimafuna anthu atatu kapena anayi kwa mphindi zochepa, kusiyana ndi kugona pansi pake ili m'mwamba. Kachitsulo ka manambala komwe kali pa kebini ndi nambala yodindidwa pa chasisi musazipale ndi girayinda kapena kuzikwirira ndi penti yochindikala, chifukwa a Road Traffic adzafuna kuona kuti zikugwirizana ndi blue book mukadzapita kukatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ngati mungathe, tumizani pano zithunzi za pansi pa kebini pomwe pamadutsa mabawuti akutsogolo, pamodzi ndi muyezo wa kuchokera pa simenti kufika ku mtengo wotsikitsitsa wa denga, kuti tione ngati malo oika jekewo akadali ndi chitsulo chokwanira.