Komishoni ya ejenti pogulitsa nyumba, amalipira ndani?

Funso: Ndikugulitsa nyumba yanga ndiye ndapeza ejenti woti andisakire kasitomala. Iye akuti komishoni yake ndilipira ine, koma mnzanga akuti imeneyo ndi ya wogula. Zoona ndi ziti apa?

Yankho: Mwachita bwino bambo kufunsa musanasainire kalikonse, ambiri amandipeza zinthu zitavuta kale. Nthawi zambiri amalipira ndi amene wamulemba ntchito ejentiyo, ndiye poti mwamuitana ndinu, komishoniyo ndi yanu. Koma sikuti mupisa m'thumba lero ayi, imadulidwa pa ndalama ya nyumbayo malonda akatheka. Tinene kuti mwagwirizana 5 peresenti, ndiye kuti pa 100 iliyonse yomwe wogula wapereka, 5 ndi ya ejenti inu mutsala ndi 95.

Mnzanuyonso sakunama kwenikweni, chifukwa ndalama yonseyo ikuchokera kwa wogula ndipo ogulitsa ambiri amakweza mtengo dala kuti komishoni ikwaniremo. Komanso malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America kwa zaka zambiri wogulitsa amalipira 5 kapena 6 peresenti yomwe ejenti wake amagawana ndi ejenti wa wogula, mpaka anthu anakasuma kukhoti ndipo mu 2024 bungwe la maejenti ogulitsa nyumba la National Association of Realtors linavomera kulipira madola 418 miliyoni, kuyambira Ogasiti chaka chimenecho wogula amayenera kusainirana ndi ejenti wake za malipiro asanayambe kuonetsedwa nyumba. Ku Germany kuyambira Disembala 2020, wogulitsa akalemba ejenti sangamusenzetse wogula zoposa theka la komishoni. Ndiye funsani kaye loya za lamulo la komwe kuli nyumba yanuyo.

Koma chomwe chimandipweteka mtima ine ndi mapangano apakamwa. Chonde lembani. Peresenti ilembedwe, ndipo iwerengedwe pa mtengo womwe nyumba yagulidwadi osati womwe munatchula poyamba, wogula akanenerera mtengo n'kutsika komishoni itsikenso. Lembaninso kuti ejenti alandira komishoni yake pokhapokha ndalama yonse ya nyumba italowa, osati pongobweretsa munthu wodzaona, anthu ena amaona nyumba kangapo konse kenako banki n'kuwakaniza ngongole basi zathera pomwepo. Funsani ngati msonkho uli momwemo mu komishoniyo kapena ndi wapadera.

China chomwe anthu amaiwala, bwanji wogula mutamupeza nokha, mwina m'bale wanu kapena mnzanu wakuntchito? Mapepala ena amati bola nyumba yagulidwa m'nthawi ya mgwirizano ejenti alandirabe ngakhale sanatuluke thukuta, ndiye werengani bwinobwino ndipo muikepo malire a miyezi.

Peresentiyonso sinakhomedwe ndi msomali, nenererani musachite manyazi. Ndipo mufunseni maso ndi maso ngati akulandiranso kena kake kwa wogula, chifukwa ejenti wodya mbali zonse mobisa sangakumenyereni nkhondo pa mtengo.