Funsani Amalume: Phiri la ku Java lija, akunama ndani?

Funso: Amalume, ine ndimagulitsa zitenje ku Kamwala. Alamu anga anationetsa kavidiyo pa foni kuti ku Indonesia kuli phiri komwe anthu amakagona ndi munthu wosamudziwa kuti alemere. Koma bambo ena achisilamu oyandikana nawo shopu anakwiya zedi, akuti bodza limenelo, pamalopo ndi manda a mlaliki. Mpaka pano awiriwa sakulankhulana. Akunama ndani? Ndine mayi wa ku Chawama.

Yankho: Mayi, auzeni agwirane chanza, chifukwa mkangano umenewu eni ake a ku Java, chilumba cha ku Indonesia komweko, nawonso ali nawo. Phirilo ndi Gunung Kemukus, lili ku Sragen m'chigawo cha Central Java pafupi ndi damu la Kedung Ombo, ndipo pamwamba pake pali manda a Pangeran Samudro. Mpaka apa onse amagwirizana, vuto limayamba mukafunsa kuti Samudroyo anali ndani.

Ena amati anali mwana wa mfumu amene anakondana ndi Nyai Ontrowulan, mkazi wa bambo ake omwe, nkhani itaululika anathawira kuphiriko ndipo anafera komweko. Ndiye pa nthano imeneyi mpamene panamera chikhulupiriro choti ukakapemphera pamandapo n'kugona ndi munthu yemwe si wako, ka 7 motsatizana, bizinesi imayenda. Tsiku lake ndi Jumat Pon (Jumat ndiye Lachisanu), paja Ajava ali ndi sabata ina ya masiku 5 a msika (Legi, Pahing, Pon, Wage, Kliwon) yomwe imayendera limodzi ndi ya masiku 7, ndiye Lachisanu limakumana ndi Pon pakatha masiku 35 aliwonse. Ambiri opitako ndi amalonda ang'onoang'ono, musayambe kufunsa mtengo wa tikiti mayi!

Enanso amati ayi, uku n'kunyoza munthu woyera. Kwa iwowa Samudro anali mwana wa mfumu yomaliza ya Majapahit, ufumu wakale wa ku Java, anaphunzira Chisilamu kwa Sunan Kalijaga, mmodzi mwa alaliki 9 akale a ku Java otchedwa Wali Songo, kenako anadwala ali paulendo n'kumwalira, ndipo Ontrowulan anangobwera ngati mayi wodzalira mwana basi. Kasupe wa pansi pa phiri, komwe anthu amasamba asanakwere kumanda, amatchedwa dzina la mayiyu, ndipo mbali zonse ziwiri zimasamba pomwepo.

Mu 2014 kanema wa SBS wa ku Australia anaonetsa za phirili dziko lonse n'kuona, manyazi anagwira akuluakulu, bwanamkubwa wa Central Java panthawiyo, Ganjar Pranowo, analamula kuti zauhule zithe pamalopo. Kuyambira pamenepo boma limakankha kwambiri nkhani ya mlaliki ija. Koma eni timalesitilanti ndi tizipinda tochititsa lendi anadandaula kuti makasitomala athawa, ndipo apa ine mpomwe ndimaona kuti nkhani iliyonse ili ndi amene amadyerapo, wina akuteteza ulemu wa chipembedzo ndi dzina la dera, wina akuteteza poto wake.

Zisakudabwitseni, ngakhale za Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje ku Malawi, amene anthu amapemphako mvula, akuluakulu amasiyana pofotokoza amene anamuphetsa ndi chifukwa chake, koma nsembe amapereka pakachisi yemweyo. Alamu anuwo anaona zinthu zomwe zinkachitikadi, bambo a shopuwo akunena zomwe ambiri opemphera kumeneko amakhulupirira, kungoti kavidiyo ka pa foni kamasankha mbali yokometsa.