Choseweretsa choyaka nyale chophunzitsa ana kuwerenga manambala

Mayi wina amene ali ndi kasukulu ka mkaka ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, watilembera imelo. Akuti zoseweretsa zolira ndi zoyaka zamusitolo ndi zodula ndipo sizichedwa kuwonongeka, ndiye akufunsa ngati angapange okha china chophunzitsa manambala ana a zaka 4 ndi 5.

Mayi, n'zotheka ndithu. Koma musanagule waya ngakhale umodzi, sankhani chinthu chimodzi chimene mwana aphunzirepo. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amaunjika zilembo, mitundu, nyimbo ndi manambala pathabwa limodzi, mwana n'kumangodina mwachisawawa. Ife tikuti yambani ndi 1 mpaka 5 basi.

Pezani mapulayiwudi awiri a mamilimita 6, lililonse masentimita 40 mulitali ndi 20 mulifupi. Pa lapamwamba boolani mabowo asanu a masentimita 6.1 mbali zonse. Kenako dulani timatabwa tisanu ta paini ta masentimita 6 mbali zonse, tochindikala masentimita 2, ndipo mulembepo manambala. Pamwamba pa bowo lililonse pakhale chithunzi cha zinthu zimene mwana amazidziwa: bango limodzi, nkhuku ziwiri, makombi (maminibasi) atatu. Akalipentala a kumsika wa Siyaso ku Mbare, ku Harare komweko, angakudulireni bwino, ndipo zidutswa zotsala zimakwanira.

Mwina mukudabwa kuti timatabwa tonse tifanane chifukwa chiyani. Mukapanga kena kozungulira, kena ka makona atatu, mwana saawerenga n'komwe makombi aja. Amangoyang'ana bowo lofanana ndi chimene wagwira. Tikafanana, kalikonse kamalowa paliponse, ndiye kuti nyale iyake ayenera kuwerenga.

Nanga nyale idziwa bwanji kuti mwana wakhoza? Pansi pa bowo lililonse, pathabwa lachiwiri lija, mangani timabauti tiwiri ta M3 (tonenepa mamilimita 3), mitu yake ili m'mwamba, kena kumanzere kena kumanja. Kunsi kwa kathabwa matani tepi ya kopa ya mamilimita 5 mopingasa. Kathabwa kakalowa, kopayo amalumikiza timabauti tija, moto n'kudutsa. Chinsinsi chagona pa malo: m'bowo loyamba timabauti tikhale sentimita imodzi kuchokera m'mphepete mwa kumtunda, lachiwiri masentimita 2, mpaka lachisanu masentimita 5, ndipo tepi ya kathabwa kalikonse itsatire muyeso wa bowo lake. Kathabwa kolakwika kalowa, koma kopa sakhudza mabauti. Dulani kona imodzi ya kathabwa kalikonse, ndipo m'bowo musiye kona yotereyo, kuti kazilowa njira imodzi yokha. Mukaiwala zimenezi mwana akatembenuza, nambala 1 n'kuyatsa nyale ya 5.

Za magetsi n'zochepa: mabatire awiri a AA, amene amapereka mavolti atatu, timababu tisanu ta LED ndi maresisita asanu a 100 ohms, tizipangizo tochepetsa moto wopita ku babu. Bowo lililonse likhale ndi babu lake ndi resisita yake. Waya uchoke ku + wa batire, udutse pa resisita, ulowe kumwendo wautali wa LED. Mwendo waufupi upite ku bauti loyamba, ndipo bauti lachiwiri libwerere ku − wa batire. Gulani ofiira kapena achikasu, chifukwa amayaka ndi mavolti pafupifupi awiri. Abuluu ndi oyera amafuna atatu kapena kuposerapo, choncho batire ikangofooka pang'ono amazilala. Babu likakana kuyaka, kawirikawiri miyendo yatembenuzidwa. Likapsa, ndiye kuti resisita inaiwalika.

Vuto limene mudzakumane nalo kwambiri ndi kuthwanima. Mutu wa bauti lina ukatalika pang'ono kuposa unzake, kopa amakhudza umodzi wokha. Ikani kachidutswa kopyapyala ka siponji pakati pa thabwa ndi tepi ya kopa kuti izinyutuka mwana akakanikiza. Kopa akada, mupukuteni ndi sandipepa wosalala. Nsonga za tepi zipindireni m'mbali ndi kuzimata ndi guluu, apo ayi zikhadabo za ana zimatula tsiku loyamba.

Musaikepo kulira kosonyeza kuti mwana walakwa. Ana amalikonda phokosolo, ndipo amayamba kulakwitsa dala kuti alimve. Kusayaka kwa nyale n'kokwanira.

Tsopano za chitetezo, ndipo apa musachite mphwayi. Timabatire tating'ono tozungulira ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032, tisayandikire choseweretsachi. Mwana akameza, kamatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Maginito nawonso ayi: awiri akamezedwa amakokana ali m'matumbo ndi kuboola. Mawaya onse atsekeredwe kumbuyo ndi thabwa lachitatu, ndipo kabokosi ka mabatire katsekedwe ndi sikuluwu. LED ilowe m'kabowo kothina kuchokera kunsi kuti isazulike. Opanga zoseweretsa amayeza tizidutswa ndi kachubu ka mamilimita 31.7, inu gwiritsani ntchito chikatoni cha pakati pa tishu, chimene n'chotakasukirapo. Chilichonse chochoka chimene chingadutse mmenemo si cha mwana wosakwana zaka zitatu, ndipo m'sukulu za mkaka ang'onoang'ono samasowa. Palani m'mphepete monse ndi sandipepa wa nambala 120 kenako wosalala wa 220. Penti akhale wosungunula ndi madzi, wolembedwa kuti alibe mtovu, osati wotsala wa galimoto kapena wa geti.

Pansi pa zithunzi lembani mawu: limodzi, ziwiri, atatu. Ana athu kuno amakula ndi Chishona ndi Chingelezi, Chichewa n'kumachimva kwa agogo okha, chonsecho malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amachiwerengera pa zinenero 16 zovomerezeka. Zithunzizo zikhale pa khadi lalitali lolowetsa m'kanjira, kuti mwana akaloweza zithunzizo, musinthe: khadi lina likhale la mbuzi, lina la madontho omwazikana.

Musanapake penti, perekani thabwalo kwa ana awiri kapena atatu, osawauza chilichonse, muone pamene akukakamira. Ngati akuvutika kuzula kathabwa, semani kamphako ka chala m'mbali mwa bowo. Ngati akungoyesa kalikonse mpaka nyale iyake, bisani mabatire kaye, ayale tonse tisanu, kenako muyatse kuti aone timene akhoza.