Mlangizi wanga sandilangiza kanthu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anapempha kuti ndisawatchule dzina. Analemba kuti: "Ndapita kanayi kwa mlangizi chifukwa banja langa silikuyenda. Ndikamufunsa ngati ndichoke kapena ndipirire, sayankha. Amangoti, 'Zikuoneka kuti mwatopa, komanso mukuopa kutsala nokha.' Kodi munthuyu akuidziwa ntchito yake, kapena ndikungotaya nthawi?"

Mayi, kudandaula kwanu nkomveka, ndipo dzina lenilenilo ndi limene limatisokoneza. Tikati mlangizi, khutu limadikira malangizo. Koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi njira ina ya uphungu yomwe imadalira mwini vuto kuti apeze yekha kolowera. Anaiyambitsa ndi Carl Rogers, katswiri wa za maganizo wa ku America, amene anabadwa mu 1902 n'kumwalira mu 1987.

Rogers nayenso anayamba ngati anzake, wouza anthu pamene palakwika. Ali ku Rochester, komwe ankathandiza ana ovuta, anakhala nthawi yaitali akuyesa kuonetsa mayi wina kuti mwana wake walowerera chifukwa chosakondedwa ali wamng'ono. Sizinaphule kanthu, mpaka onse anagwirizana zongosiya. Mayiyo atafika pakhomo anatembenuka n'kufunsa ngati akuluakulu amathandizidwanso pamalopo. Anakhalanso pansi, n'kuyamba kukhuthula za ukwati wake ndi mmene ankadzionera ngati wolephera. Thandizo linayambira pomwepo. Rogers anatolapo mfundo yoti mwini wake ndi amene amadziwa pamene pakupweteka, ndipo buku lake la mu 1951, Client-Centered Therapy, linamangidwa pa mfundo imeneyi.

Iye pamodzi ndi anzake monga Abraham Maslow sankamuona munthu ngati makina owonongeka ofunika kukonzedwa. Rogers ankakumbukira mbatata zomwe kwawo ankasunga m'chipinda chamdima cha pansi pa nyumba. Zinkaphuka ndithu, timphukira toyera, toonda, tolunjika ku kawindo kakang'ono komwe kunkalowa kuwala. Munthu nayenso, ngakhale zitamuthina chotani, amafunafuna kokulira. Mlangizi ntchito yake nkutsegula windo.

Mu 1957 Rogers analemba zinthu zisanu ndi chimodzi zofunika kuti uphungu uthandize, koma zotchuka ndi zitatu. Mlangizi amve zinthu monga mmene inu mukuzimvera, akulandireni osakuweruzani ngakhale muulule zochititsa manyazi, ndipo akhale weniweni pamaso panu, osavala nkhope ya ntchito. Chachitatuchi anthu amachiiwala kawirikawiri, pamene ine ndimaona kuti ndi chimene chimasiyanitsa waluso ndi wongoyerekeza.

Paja ongoyerekeza alipo. Ena anangoloweza kubwereza mawu a munthu ngati chinkhwe: mukati ndakwiya, iwo amati mwakwiya, basi nthawi yatha. Rogers yemweyo ankadandaula kuti anthu asandutsa njira yake kukhala kubwerezabwereza kotere. Ndiye tayang'ananinso chiganizo chimene mwandilembera. Kodi zoopa kutsala nokha munanena ndinu, kapena iye anazimva kuseri kwa mawu anu? Ngati munali musanazitchule, ndipo atanena mtima unagunda, munthuyo akumvetsera ndithu. Achibale ndi anzanu mwina anakuuzani kale chochita, ena kuti chokani, ena kuti pirirani, koma mpaka lero simunasunthe. Ndikukayika ngati voti ina imodzi ingasinthe kanthu. Komanso mlangizi akati chokani, zikadzavuta mudzaloza iye chala, pamene moyowo ndi wanu.

Njirayi ili ndi malire ake. Rogers anaiyesa ku Wisconsin pa odwala matenda aakulu a misala otchedwa schizophrenia, ndipo zotsatira sizinali zokhutiritsa monga ankayembekezera. Anthu ena amapindula kwambiri ndi uphungu wokhala ndi ndondomeko ndi zochita kunyumba, monga wa CBT (cognitive behavioural therapy), umene umathandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake. Ndipo ngati m'banjamo mukumenyedwa, mukuopsezedwa, kapena mukumaganiza zodzipha, musadikire. Nenani mosabisa pa ulendo wotsatira, chifukwa apo mlangizi aliyense, wa njira iliyonse, ayenera kukambirana nanu za chitetezo chanu mwachindunji.

Ngati sizinafike pamenepo, pitaninso kachisanu ndipo mukamuuze zomwe mwandiuza inezi, kuti kusayankha kwake kukukukwiyitsani. Mukamufunsenso njira imene amatsata. Waluso sadzakhumudwa kapena kudziteteza, adzafuna kumva zambiri za mkwiyowo, ndipo adzakufotokozerani chifukwa chake amachita chonchi. Akazemba funsolo, kapena mukatuluka mukumva ngati mumalankhula ndi khoma, muli ndi ufulu wopempha kuti akutumizeni kwa wina.