Pulojekiti ya Android ikuyenda kwa mnzanga, pa laputopu yanga ikukana

Wowerenga wina wa ku Luchenza watumiza imelo. Adakopa pulojekiti ya Android kwa mnzake pa fulashi, koma akati aiyendetse, Gradle, pulogalamu yomwe imamanga apu kuchokera ku khodi, ikumulembera "Unsupported class file major version 65". Ena amuuza kuti afufute zonse n'kuikanso Android Studio, ndiye akufunsa ngati atero.

Achimwene, musatero, mungotha bandulo pachabe. Khodi yanu ilibe mlandu. Nambala 65 ija ikuimira Java 21, monga momwe 61 imaimirira Java 17. Gradle ya pulojekitiyo ndi yakale, siikuidziwa Java yomwe mwaipatsa. Gradle idayamba kugwira ndi Java 17 pa vesheni 7.3, ndipo Java 21 idaidziwa pa 8.5.

Tsegulani gradle/wrapper/gradle-wrapper.properties, muone mzere wa distributionUrl. Nambala ya Gradle yanu ili pamenepo. Mukhoza kukweza Gradle kapena kutsitsa Java, koma ine ndikuti tsitsani Java. Mukakweza Gradle, nthawi zambiri Android Gradle Plugin nayo ifuna kukwezedwa, Kotlin nayenso chimodzimodzi, basi mwadziputira ntchito ya sabata. Ngati Gradle ili pakati pa 7.3 ndi 8.4, ikani JDK 17, yomwe ndi Java 17 ya opanga mapulogalamu. Plugin ya 8.0 kupita m'tsogolo imafunanso 17 yomweyo.

Pomwe ambiri amasokonezekera ndi apa: kompyuta imodzi imatha kukhala ndi Java ziwiri. Android Studio imatenga yomwe mwasankha pa Gradle JDK, mu Settings pansi pa Build Tools, pomwe terminal, zenera lolembamo malamulo, imatsata JAVA_HOME, dzina lomwe limaloza ku foda ya Java pa kompyuta yanu. Mukakonza mbali imodzi yokha, kwinako vuto lidakalipo. Lembani gradlew --version, muone Java yomwe terminal ikugwiritsa ntchito. Mukasintha, lembani gradlew --stop kuti Gradle yomwe imatsalira ikuyenda kuseri izime kaye.

Mukadutsa apo mwina Gradle ikudandaulani za SDK, zida zomangira mapulogalamu a Android. Failo ya local.properties idabwera ndi fulashi ija, ndipo mzere wa sdk.dir ukulozabe ku foda ya pa laputopu ya mnzanuyo. Ifufuteni, Android Studio ilemba ina mukatsegulanso pulojekiti. Failo imeneyi siyoyenera n'komwe kupita pa Git, komwe anthu amasungira ndi kugawana khodi.

China chomwe chimavuta kuno kwathu ndi netiweki kuduka Gradle ili mkati motsitsidwa, poti failo yake imaposa 100 MB. Ikatsala yoduka mumatha kuona "zip END header not found". Pitani mu .gradle/wrapper/dists, m'foda ya dzina lanu, mufufute kafoda ka Gradle imeneyo kokha. Foda ya caches musaikhudze, muli malaibulale onse omwe mudalipira kale ndi bandulo yanu.

Ikangoyenda kamodzi intaneti ilipo, yesani gradlew assembleDebug --offline. Bola musaonjezere laibulale yatsopano, APK, failo ya apu yoika mu foni, izituluka popanda kudya data.