Mwana wanu si mbuli, Mayi: yambani ndi makutu ndi maso

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Bangwe. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 10, wabwereza Sitandade 2 kawiri, koma mpaka pano satha kuwerenga ngakhale dzina lake. Akamutuma kumsika sasokoneza chenji, koma m'kalasi amangokhala duu. Aphunzitsi anawauza kuti mutu wake sugwira, agogo ake akuti anachita kumulodza. Mayiwa akufunsa ngati m'sukulu za boma muli thandizo la ana otere, kapena angomusiya pakhomo poti ndalama za pulayiveti alibe.

Mayi, musamusiyitse sukulu mwanayo. Mwana wodziwa chenji mutu wake umagwira. Pali china chake chikumutsekereza, ndipo ntchito yoyamba ndi kuchipeza.

Musanakambe zambiri ndi aphunzitsi, tengani buku lake la kuchipatala mupite naye akamuyeze makutu ndi maso. Yambani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, mupemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Kumeneko kuli mbali yoyeza kamvedwe, komanso chipatala cha maso cha Lions. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ana ambiri amene timawatcha opepera amakhala kuti sakumva bwino. Mwana amene anadwalapo malungo aakulu ali wakhanda, kapena amene ankatuluka mafinya m'khutu kawirikawiri, atha kutsala ndi vuto lakumva lomwe pakhomo silioneka, poti mumamuyankhula pafupi akukuyang'anani pakamwa. Ndiye muganize mwana yemweyo atakhala kumbuyo m'kalasi ya ana oposa 100, ena akulongolola, aphunzitsi akuyankhula atayang'ana kubolodi. Amva chiyani? Mwana wa mchemwali wanga anakhala zaka zitatu akukalipiridwa kuti ndi waulesi, pomwe vuto linali maso. Atalandira magalasi n'kusunthidwa kukhala kutsogolo, anayamba kuwerenga chaka chomwecho. Zaka zitatu zija zimandiwawabe mumtima.

Akakuuzani kuti makutu ndi maso zili bwino, musagwe ulesi. Pali ana ena omva bwino, oona bwino, koma zilembo zimawasokonekera, b ndi d amaziona ngati chimodzi. Ena amakomoka pang'ono ndi khunyu losagwetsa, amangoti phee kwa kamphindi osadziwa chomwe chachitika. Madokotala auzeni zonse zimene mumaona, ngakhale zooneka zazing'ono.

Tsopano za kusukulu. Thandizo lilipo ndithu, ngakhale ndi lochepa poyerekeza ndi ana olifuna. Kuyambira 1994 pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, makalasi anadzaza kuposa aphunzitsi, ndipo mwana wochedwa kugwira zinthu ndi amene anayamba kuiwalika. Komabe boma lili ndi aphunzitsi apadera ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu: ena a ana osaona, ena a ana osamva, ena a ana ovutika kuphunzira ngati wanuyu. M'sukulu zina muli chipinda chomwe amachitcha resource, kumene mwana amapita maola ena kukathandizidwa payekha kapena m'kagulu, kenako n'kubwerera m'kalasi mwa anzake. Ena mwa aphunzitsiwa amayendera sukulu zingapo za m'zoni imodzi. Ndondomeko ya boma ya 2017 inanena kuti ana onse aziphunzirira limodzi m'sukulu yapafupi ndi kwawo, choncho mukapempha thandizoli simukupempha chifundo, ndi ufulu wa mwana wanu.

Mupite kwa ahedi ndi pepala la kuchipatala m'manja. Muwapemphe zinthu zitatu: mwanayo akhale mzere woyamba, dzina lake lilembedwe pa mndandanda wa ana ofunika thandizo lapadera, komanso mphunzitsi wapadera amuone. Akakuyankhani kuti pasukulupo palibe, pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni, mukaonane ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, iwo ndi amene amadziwa sukulu ya m'zoni yanu yomwe ili ndi resource. Musapite nokha ngati mukuchita mantha, tengani mmodzi wa amayi a mother group, gulu la amayi lothandiza ana pasukulupo. Bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM nalonso limathandiza makolo kudziwa khomo loti agogode.

Aphunzitsi a m'kalasi musawaone ngati adani. Mawu aja anakupwetekani, ndipo sanayenera kunenedwa, koma munthu mmodzi wosamala ana ochuluka chonchija amatopa. Mukamafika pafupipafupi, mwaulemu, kufunsa zomwe mungamabwereze naye mwanayo madzulo, ambiri amasintha mtima.

Zikapezeka kuti vuto lakumva ndi lalikulu, pali sukulu za ana osamva pafupi ndi Blantyre pompano: Maryview ku Nguludi ndi Mountain View ku Bvumbwe. Kumeneko amaphunzira chinenero chamanja.

Za mndandanda zija musazitenge mopepuka. Akadzafika Sitandade 8, a MANEB amakonza mayeso a zilembo zazikulu, a Braille (zilembo za anthu osaona), ndiponso amawonjezera nthawi kwa ana ofunika thandizo, koma sukulu iyenera kunena za mwanayo polembetsa mayeso. Agogo ake muwatenge tsiku lopita ku Queens, akamve okha zimene adokotala anene.